Nkhoswe ya Mwana wa Lazaro

Lazaro ndinamudziwa mu 1987 ku Lizulu, kumene msewu wa tala ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 3. Iye anali ndi zaka naini pamene anawoloka msewuwo yekha, atasiya mudzi wawo ukuyaka. Makolo ake sanawoloke. Mnzake wosewera naye mpira tsidya lino, Watson, anamubisa m'khitchini mwa amayi ake masiku atatu. Kenaka mayiwo anabwera naye kusukulu nati, "Aphunzitsi, mulembeni dzina la bambo wa Watson." Ndinalemba, ndipo sindinong'oneza bondo.

Lero tonse atatu tili kutsidya la nyanja, m'dziko la Azungu. Lazaro amasamalira okalamba kufupi ndi dera la Beaumont. Amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Watson amayendetsa galimoto yoperekera katundu m'makomo. Ine ndinatsatira mwana wanga kuno.

Zaka khumi zapitazo, pa phwando la Amalawi ku Ongar, Watson ataledzera analoza Lazaro n'kukuwa kuti, "Uyu si Mmalawi, ndi wothawa nkhondo. Dzina lomwe ndi lobwereka." Anthu anaseka. Ndikuwakumbukira onse amene anaseka. Kuyambira tsikulo awiriwa sanapatsanenso moni.

Chaka chatha Louisa, mwana wa Lazaro, anapeza mnyamata wa ku Zambia. Malume a mnyamatayo, a Mulenga, ananeneratu kuti chinkhoswe sichichitika popanda nkhoswe yamagazi yakuchikazi. Ndinadzipereka. Anandikana. "Mphunzitsi si m'bale," anatero, ngati kuti abale a Lazaro anachita kuiwalika m'basi. Lazaro anatumiza uthenga kwa Watson. Yankho silinabwere.

Tsiku la chinkhoswelo, holo ya ku Tyrrelstown tinayenera kutulukamo 5 koloko. Itakwana 4 koloko, mpando wa nkhoswe unali wopanda munthu. Nkhuku yowotcha yoti ankhoswe agawane inali itazizira. Louisa anangoweramitsa mutu.

"Bambo Lazaro," anatero a Mulenga, "tikambirana ndi mpando kodi? Ukwati ukadzavuta tidzagogoda kwa yani?"

"Tidikireko pang'ono, chonde."

"Kwanu ndi kuti kwenikweni? Munthu sagwa mumtengo."

Ndinali nditayamba kudzuka ndi ndodo yanga pamene Watson analowa, ali mu jekete yachikasu yakuntchito. Ndinaopa, poti pakamwa pake ndimapadziwa.

"Inu ndinu ndani wake?" anafunsa a Mulenga.

Watson analoza Lazaro.

"Kumanda a amayi anga, dothi loyamba ndinaponya ine, lachiwiri iyeyu. Mukufunanso chiyani?"

"Ndiye kuti mimba imodzi?"

"Ndati amayi ndi amodzi. Bweretsani nkhukuyo, galimoto ndaimika poletsedwa."

A Mulenga anacheukira anzawo, kenaka anagwira mwendo wa nkhuku. Watson anagwira winawo, anakoka, anadya. Azimayi anaimba nthungululu ndipo Louisa anayamba kulira.

Pakhomo Lazaro anatambasula dzanja. "Achimwene, zikomo."

"Ndachitira mwanayu," anatero Watson, manja ali m'matumba. "Akakamenyana, aimbire ine, osati iwe."

Sanapepese, ndipo ine sindinamukhululukire. Lazaro anamuperekeza mpaka pagalimoto, mvula ikuwanyowetsa onse awiri.