Katemera wa Mwana wa Lusiya

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe amayi anabwera kotchola tiyi zala zitatupa, ine dipuloma yanga ikungogona m'sutikesi. Ndinati basi, ku Cape Town ndikupita, kaya kukazizire bwanji.

Ntchito ndinaipeza mu labu yofufuza maselo oyera a m'magazi, aja timabadwa nawo, amene amayamba kulimbana ndi kachilombo kakangolowa m'thupi. Tinkaona mmene katemera wa BCG, woteteza ku TB, uja amasiya chipsera pamkono, amawaphunzitsira. Majini, malangizo a chibadwa a m'maselo aja, sawasintha ayi. Amangosiya tizizindikiro pa DNA, majini ena n'kukhala ngati chitseko chosakhoma, ndiye matenda akabwera maselowo amadzuka msanga. Ntchitoyo ndinkaikonda, koma Lamlungu linkanditalikira. Foni yakumudzi ikalira ndinkadziwa kuti ndi za ndalama ya feteleza, komabe ndinkaithamangira kuti ndimveko Chilomwe cha amayi.

Kenako mng'ono wanga Lusiya, amenenso amatchola tiyi, anabereka kamwana kochepa thupi. Tsikulo katemera anali atatha, anamuuza kuti adzabwerenso. Miyezi inapita asanabwerere, pomwe khomo loyandikana nalo kunali wodwala TB.

"Achemwali, ino ndi nyengo ya masamba," anatero pafoni. "Ndikajomba, akapitawo alemba wina."

Mtima unandiwawa. Ndinapempha tchuthi, ndipo njira yonse mpaka pa Boma la Thyolo ndinkakonza mawu okawalalatira akapitawowo. Kutacha ndinalunjika ku esiteti. Lusiya kunalibe. Pamzere wake panali azimayi anzake, aliyense akatchola zake n'kuponyako manja angapo m'dengu la Lusiya.

"Wapita ndi mwana kuchipatala," anatero Amake Dalitso, mnzawo wakale wa amayi. "Akanatiuza kale, koma mng'ono wanuyo manyazi."

"Nanga akapitawo?"

"Ayang'ana kumbali. Nawonso ali ndi ana. Inuyo chipsera muli nachocho, mukuyesa tsiku limenelo amayi anu anawatcholera ndani?"

Ndinagwira pamkono panga. Zaka zonsezi ndinkadziwa zimene katemerayo anachita m'magazi mwanga, koma amene anandipezera tsikulo sindinkawadziwa. Mawu anga aja anathera m'kamwa, ndipo ndinamva kukoma mumtima.

Ndinabereka dengu la Lusiya n'kulowa mumzere. Azimayi anandiseka kuti ndikutchola masamba okhwima, oti ngakhale mbuzi ingawakane. Masana Lusiya anatulukira, mwana ali kumsana akulira ndi mphamvu zake zonse, pamkono pali kakutupa kakang'ono.