Malasha a M'mimba mwa Agogo Tembo

Mvula ikagwa pa thumba la malasha, fungo lija limandibweretsera agogo Tembo, bambo a mayi anga, akukankha njinga m'matope a ku Matero, matumba atatu atamangidwa ndi mphira, tcheni chikulira ngati mwana wanjala, fodya wopichira m'nyuzipepala ali pakamwa, thupi lonse lakuda bii kupatula mano. Malashawo ankakawatenga kutali, kupitirira Kabanana, ndipo mbaula za mzere wathu wonse wa nyumba zinkayaka ndi msana wawo.

Inali nthawi ija ndalama inapepuka ngati khoko la mtedza. Unga pa mzere, sopo pa mzere, shuga pa mzere. Ukaona anthu aima, unkayamba waima nawo, kenako n'kufunsa kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Agogo ankanyamuka m'mawa osalawa kanthu, phala lawo n'kutikankhira ife adzukulu.

"Njinga sifuna muntu wolema," ankatero, ngati kuti phalalo likanawalemeretsa thupi.

Chakudya chawo cha m'mawa chinali mapilitsi awiri a msana ogula pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, madzi, ndi fodya. Dzuwa likakwera, m'mimba munkayaka, apa pamene nthiti zimakumana, ngati wina waikapo khala lamoto. Akatafuna kachinangwa motowo unkagona pang'ono, njala ikabwerera nawonso n'kudzuka. Akafika kunyumba ankaba soda wa delele m'kachitini ka agogo aakazi, kusungunula m'kapu, kumwa, n'kugeya mpaka nkhuku kuthawa. Ife tinkawomba m'manja. Tinkayesa ndi masewera.

Tsono ndikuuzeni za ine. Sukulu ndinalekezera giredi faifi, koma pakamwa ndinabadwa nditamaliza kale maphunziro onse. Ndipo kwathu mdzukulu ndi agogo ake ndi anthu onyozana. Ukhoza kuwatcha nkhalamba yopanda ntchito, iwo n'kukutcha mbava, nonse n'kuseka. Chilolezo chimenecho ine ndinkachigwiritsa ntchito mpaka kutha.

Chimbudzi chathu chinali chimodzi mabanja anayi, chotchinga ndi masaka. Tsiku lina agogo sanapite ku malasha, ndipo ndinalowamo iwo atangotuluka. M'mphepete mwa dzenje munatsalira zakuda, zonata ngati phula la pamsewu, fungo lake lachilendo, loposa la chimbudzi chimene. Mwana wanzeru akananong'oneza amake. Ine ndinathamangira pa mpopi, pamene amayi onse a mzere wathu anali ndi zidebe.

"Bwerani muone, agogo bayamba kupanga malasha ku chimbuzi. Manje ku Kabanana bazayendera chani?"

Amayi aja anaseka mpaka wina kutaya madzi. Agogo nawonso anaseka, atakhala pa njerwa akukonza tayala.

"Iwe mbuli, muntu wa malasha atulutse voyera? Nikaminako ni vakuda, nikakhosomola ni vakuda. Ni fumbi chabe."

Aliyense anavomera, chifukwa zinamveka zanzeru. Nkhani ikanathera pomwepo, koma ine ndinapeka nyimbo. Inali yaifupi, yokoma, yosavuta kugwira: "Ba Tembo, ba Tembo, tipimileniko ya kuseli, ija siifuna njinga." Pasanathe sabata ana a mizere itatu ankaiimba akuthamangira njinga ija ndi zitini m'manja. Ogula ena ankanunkhiza malasha asanapereke ndalama, kuti anzawo aseke.

Agogo sanandimenye. Anangosiya kulowa m'chimbudzi chija. Ankadzigwira mpaka akafike kutchire, kupitirira Kabanana, kumene kunalibe mdzukulu. Agogo aakazi anawafunsa tsiku lina akuwathirira madzi osamba m'manja.

"Nanga vija vakuda vinasiya?"

"Vinasiya kudala, kalekale. Mufuna nikubweretseleni mu pepala?"

Miyezi inapita. Matumba atatu anasanduka awiri, awiri anasanduka limodzi, ndipo limodzilo ankafika nalo akupuma ngati athamanga. Akasamba, zikhatho ndi milomo zinkaoneka zoyera mbee. Ena ankati ndi ukalamba, ena ankanong'ona kuti anadyetsedwa ndi anzawo a malasha. Ine ndinati agogo akusanduka mzungu, posachedwa atitengera ku mayadi. Anasekanso, koma mosatsegula pakamwa.

Loweruka lina kunamveka kuti unga wafika. Ankapereka thumba limodzi pa munthu, choncho tinapita tonse, ine nditaima kumbuyo kwa agogo, dzuwa likutiwotcha m'khosi. Titatsala pang'ono kufika pakhomo pa sitolo agogo anatembenuka.

"Gwira malo."

Anapatuka mapazi awiri okha, n'kugwada, n'kusanza zinthu ngati dothi lakuda lonyowa, mkati mwake muli timizere tofiira. Mzere sunaduke. Unangopindika pang'ono kuwazungulira, monga madzi amachitira ndi mwala. Bambo wina wonyamula katundu ndiye anawakweza pa wilibala, agogo aakazi atagwira mutu, ine ndikuthamanga pambali. Tili m'njira agogo Tembo anatsegula maso n'kundiona.

"Malo yaja wasiyila ndani?"

Ku kiliniki namwino anawakoka chikope, n'kuyang'ana m'kati mwake moyera ngati pepala. Anafunsa za moto wa m'mimba, za mapilitsi, za soda, za fodya. Kenako anafunsa agogo aakazi.

"Chimbuzi chao chimankala bwanji? Chakuda?"

"Kudala, mwana wanga. Koma vinasiya."

Agogo Tembo anapukusa mutu pa benchi pomwe anagonapo. Maso awo anandipeza pamene ndinabisala, kuseri kwa chitseko.

"Sivinasiye. Ninachoka navo chabe pa nyumba. Panali woimba."

Namwino sanamve za woimbayo, ndipo palibe anamufotokozera. Anati si malasha amenewo, ndi magazi. M'mimba muli chilonda, mapilitsi a msana omwa ndi njala akhala akuchikumba, fodya akuchiletsa kupola, soda amangotseka pakamwa pa ululu chilonda chili chikhalire. Magazi akatsika kuchoka pamenepo amatuluka akuda. Ananena kuti akanabwera tsiku loyamba lija, akanawaletsa mapilitsiwo n'kuyamba kuwapatsa mankhwala. Anawatumiza ku chipatala chachikulu, kumene ife ana sankatilola kulowa. Amalume anapereka magazi. Tsiku lachitatu amayi anabwerako atanyamula nsapato za agogo m'manja.

Choncho mawu omaliza amene agogo ananena za ine ndi omwe aja. Panali woimba.

Ine moto womwewo unandipeza ndili ndi imvi kale. Sindinadikire. Ndinanyamula kabotolo kanga ka chimbudzi ngati mphatso ya ukwati, adokotala anapima n'kupezamo tizilombo timene timayambitsa zilondazi. Anandipatsa mapilitsi a masabata awiri, oti ndimalize onse ngakhale ululu utatha, anandiletsa aja a msana ndi fodya, ndipo za kachasu tikukambiranabe. Masabata awiri okha, anthu inu. Nthawi ya agogo za tizilombozi sitinkazimva n'komwe, koma funso la namwino lija linalipo, ndipo yankho lake ndinali nalo ine, n'kulisandutsa nyimbo.

Lero mnzanga akagwira pansi pa nthiti n'kuitanitsa soda, ndimamukokera pambali, kumene kulibe omvera, n'kumufunsa mtundu wa zimene anasiya m'mawa. Amati nkhalamba iyi ilibe ulemu. Asiyeni anene.

Mwezi wathawu pa maliro ena ku Matero, mdala wina wopanda mano anandizindikira. Tinkathamangira limodzi njinga ija. Anandigwira phewa n'kuyamba kuimba pansipansi, mawu onse osaphonya ngakhale limodzi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Iwe unali na mutu," anatero. "Ija nyimbo siizakafa."

Ndinamuyankha kuti ndikudziwa.