Ndinakana Nditagwada

Ana a masiku ano akamalakatula pa asembule makhalidwe a mtsogoleri wabwino, zoti kumvera, kudzichepetsa, khama, ine mutu umayamba kundilemera. Sindikuti ndi bodza. Kungoti makhalidwe amenewa ine ndinali nawo onse, ndipo ndi omwe anandidyera Folomu 4 yanga.

Sukulu yathu inali yoyendera, chakufupi ndi Milonde. Chaka chimenecho aphunzitsi anandisankha kukhala hedigelo, n'kundimanga tayi yofiira pamaso pa sukulu yonse. Ahedi anati mtsikana uyu sayankha akulu, ukamutuma sachedwa. Anzanga anaomba m'manja. Ndinayenda mpaka kunyumba tayi ili pakhosi, dzuwa lonse lija, osafuna kuimasula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito yake ndinaidziwa sabata yotsatira. Ya ana asukulu inali yochepa, kuletsa phokoso ndi kuona amene sanasese. Yambiri inali ya aphunzitsi. Madzi a tiyi wa ku sitafu, hedigelo. Kukaona ngati chimanga cha madamu ena chagayidwa kuchigayo, hedigelo. Alendo akabwera kuchokera kuboma, wowasambitsa m'manja ndi kutsuka makapu ndine. Tsiku la msika ankandituma nanazi ndi tomato, ati ine ndimadziwa kusankha. Sanali anthu oipa ayi, ankandikonda ndithu, ena mpaka ankanditchula kuti mwana wawo. Aliyense ankaona ngati wandituma kamodzi kokha. Koma iwo anali ambiri, miyendo inali yanga yomweyo.

Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali masamu. Ndinkafuna unamwino, ndipo unamwino popanda masamu ndi maloto a chumba. Tsono phunziro la masamu linkabwera tikangochoka kubuleki, nthawi imene makapu a aphunzitsi amakhala akudikira munthu. Ndinkalowa m'kalasi manja akununkha sopo, n'kupeza sala a masamu akufufuta pabolodi.

"Ukopera kwa anzako," ankatero.

Kukopera ndinkakopera, koma kope silifotokozera munthu. Kunyumba nako kunalibe mpumulo. Amayi ankathyola tiyi ku esiteti, ankabwera atatheratu, ndiye mjigo, nkhuni ndi azing'ono anga zonse zinali pa ine. Ndinkatopa mpaka m'mafupa. Mayeso oyeserera atatuluka, masamu ndinagwa chagada, ndipo palibe mphunzitsi anadabwa kapena kufunsa.

Tsiku lina m'mawa kunachita chiperoni, phiri lonse osaoneka. Ndinali nditathamangitsa makapu kuti ndipeze phunziro likuyamba, ndipo ndinalipezadi. Sala atangogwira choko, madamu aja a chimanga anaima pakhomo.

"Hedigelo, tabwera. Zovala zanga zili pachingwe, thamanga ukaanule zisananyowe."

Ndinadzuka monga mwa masiku onse, n'kukagwada pakhomopo monga tinaleredwera. Sindinakonzekere chilichonse. Ndinangomva kuti miyendo yanga siyenda ulendo umenewo.

"Pepani madamu, sindipita. Ndikuphunzira masamu."



"Wati chiyani iwe?"

Ndinabwereza, maso ali pansi, mawondo ali pasimenti yozizira.

"Ohoo, tayiyo yakulowa m'mutu eti? Chabwino."

Sala a masamu ankangoyang'ana choko chawo. Ndinabwerera pamalo panga, koma za phunziro limenelo sindinamvepo olo chimodzi.

Pa asembule yotsatira ahedi anandiitana kutsogolo. Anati mtsogoleri ayenera kukhala chitsanzo, ndipo mwano ndi utsogoleri siziyendera limodzi. Tayi ndinamasula ndekha n'kuipereka ndi manja awiri. Manyazi ake sindidzawaiwala. Anyamata a kumbuyo ankanong'ona kuti wagwa nayo, ndipo ndinakalirira kuseri kwa zimbudzi.

Amayi ndinawauza madzulo, atakhala pakhonde, dengu la tiyi lili pambali.

"Wawakanira aphunzitsi, iwe? Unazitenga kuti zimenezo? Ine zaka zonsezi pa esiteti paja sindinamukanirepo kapitawo olo tsiku limodzi."

Ndinkadikira mbama. Iwo anangodzisisita m'chiuno ndi dzanja.

"Ndiye taona mmene msanawu wathera. Mawa ukakhale m'kalasimo, mwananga. Wina akakuitana usadzukenso."

Ndinakhaladi. Palibe anandituma chilichonse kuchokera tsiku limenelo, ena anasiya ngakhale kundiyankha moni. Masamu ndinkayamba nawo limodzi ndi anzanga mpaka belu, tsiku ndi tsiku. Koma anzangawo anali kumapeto kwa buku, pomwe zimene ine ndinkasowa zinali kumayambiriro, ndipo panalibe wobwerera nane kumeneko. Ndinayesetsa, ndinafunsa mpaka anzanga kutopa nane.

Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena onse ndinakhoza bwino. Masamu ndinalephera, unamwino n'kuthera pomwepo. Achibale ena mpaka pano amati ndinadziputira tsoka pokanira akulu. Ine zimenezo sizindiwawa. Chimandiwawa n'choti mawu aja anali ochepa chonchi, osafuna n'komwe kuti munthu aimirire, ndipo ndikanatha kuwanena mu teremu yoyamba.