Phale la M'thumba mwa a Odiel

A Odiel Vandaele sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale kutchalitchi ankakhala benchi lakukhomo, mwendo uli njenjenje, kuti wansembe akangoti ameni, iwo akhale ali kale panjinga. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anali wopereka makalata m'mudzi mwathu muno mwa Wulvedam, ndipo nyengo yolima makalata ankachedwa. Akangoona munda wa mbatatesi wogalauzidwa kumene, njinga ankaitsamiritsa pampanda n'kuyamba kutola mapale. Akazi awo, malemu a Magda, ankati anakwatiwa ndi nkhuku, yongokhalira kufukula.

Ine ndine Godelieve, woyandikana nawo nyumba, ndipo zonse za mapale anandiphunzitsa ndi iwowa, ndisanawapemphe n'komwe. Phale, ankatero, umalifunsa ndi lilime. La miphika yotuwa yakalekale, yowotchedwa pamoto wofooka, limamata. La mitsuko yochokera kumtsinje wa Rhine, yowotchedwa mpaka kusanduka mwala, limaterera, ndipo ukaligogoda padzino limalira. Mitsuko yoteroyo inafika kuno mochedwa, m'zaka za m'ma 1300. Ndiye panali lamulo lawo lomwe ankalibwereza mpaka makutu kuwawa: m'dothi limodzi, wamng'ono ndiye amatchula zaka. Mapale akale angachuluke bwanji, likapezekapo limodzi lapambuyo, dothilo linathiridwa pambuyo. Basi.

Koma munthu aliyense ali ndi pofooka pake. A Odiel moyo wawo wonse ankalumbira kuti tchalitchi chathu chinamangidwa cha m'ma 1120, chisanamangidwe cha ku Moerkapel, mudzi wa tsidya la ngalande. Lamlungu lililonse ankakangana za zimenezi pamowa ndi a Cyriel, wogulitsa nyama wa kumeneko, mpaka mowa kufunda m'matambula.

Chaka chomwe anakumba m'mbali mwa tchalitchi kuti aike mapaipi, kunabwera akatswiri ofukula zakale, wowatsogolera mtsikana wina wodekha dzina lake Hilde. Ine ndi a Odiel anatipatsa ntchito yotsuka mapale ndi miswachi m'holo ya parishi. Thumba lililonse la mapale okumbidwawo likatsegulidwa, otuwa okhaokha, amwaye, omata palilime. A Odiel ankachita kuvina ndi beseni. Anthu m'mudzi anamva, komiti ya parishi inaitanitsa nsalu yolembedwa kuti tchalitchi chakwanitsa zaka 900, oimba malipenga anayamba kutisowetsa mtendere pokonzekera chikondwerero.

Lachiwiri la sabata yomaliza kunafika thumba la pansi penipeni, kunsi kwa mwala woyamba wa maziko. M'beseni langa munatuluka kaphale kofiirira, kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kankaoneka ngati ka mitsuko ya ku Rhine ija. Ndinawapatsira a Odiel. Anakanyambita, kenako anakagogoda padzino, kanalira. Anayang'ana kukhomo, n'kukalowetsa m'thumba la jekete. Hilde anali atanena kuti Lachisanu alemba zaka za tchalitchi, ndipo dzenje alikwirira.

Masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. Munthu uja anasowa pokhala. Ankapalasa njinga mpaka pamlatho wa ngalande, kuimirira, dzanja m'thumba, n'kubwerera. Anapenta geti lomwe analipenta mwezi wathawu. Khofi ndikawathirira ankazizira osamugwira. Ine ndinali ndi ukali, komanso chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti akakaponya m'madzimo, sindidzawayang'ananso chimodzimodzi. Kukawanenera kwa Hilde nakonso kunandikanika. Munthu amene unamuthandiza kuika mkazi wake m'manda sumukanenera ngati mwana wasukulu.

Lachinayi masana ndinawatsekera njira pageti pawo. Anayamba kundiuza kuti mwina mfuko ndi imene inakatsitsira kumeneko, poti mfuko zimasokoneza dothi.

"Mfuko yake iti, a Odiel? Yonyamula mwala wolemera ngati ng'ombe, kuikapo phale, n'kubwezerapo bwinobwino?"

"Inu a Godelieve, pakamwa panu m'pomwe panathamangitsa amuna anu."

"Amuna anga anafa ndi mtima, musawanamizire. Ndikufunsa lamulo lija. Linali la mapale a anthu ena okha?"

Anakwera njinga, penti wa pageti ali pamkono wa jekete.

Lachisanu m'mawa Hilde anali atayala mapale onse patebulo, akumwetulira, akuti zikuoneka kuti bambo Odiel ankanena zoona. Iwo analowa osavula chipewa. Anazungulira tebulo kawiri, anawongola thumba lomwe linali lowongoka kale, kenako anapisa dzanja m'jekete n'kuika kaphale kaja pakati pa otuwawo. Anamuuza thumba lomwe kanachokera ndi tsiku lomwe anakatenga, osabisa kanthu.

Hilde anakatembenuza, nkhope inagwa. Anayesa kuwatonthoza kuti mudzi utha kukhala wakalebe, tchalitchi chokha ndicho chatsika ndi zaka mazana awiri. Kenako anawafunsa chomwe anakasungira masiku onsewo.

"Ndimakanyambita, mwanangu. M'mawa uliwonse, ndimati mwina lero kamata. Kakana."

Anatenga cholembera m'manja mwa Hilde n'kulemba okha pakapepala ka thumbalo zaka za m'ma 1300, ndi zilembo zawo zazikulu za pa positi zija. Ine misozi inali italengeza, ndiye ndinangoyamba kutsuka beseni loyera kale.

Panja ndinawapeza akumanga miyendo ya buluku kuti isakodwe mu tcheni. Ndinawauza kuti akapume, za nsalu ndi malipenga ndikauza komiti ndine. Anati za komiti ndichite zimenezo, koma iwo akuwoloka ngalande, kwa a Cyriel. Ndinati adikire, nkhani yotere imafika yokha, akadzipereka bwanji kuti akasekedwe?

"Zaka makumi atatu ndi zisanu, a Godelieve, kalata yamaliro sindinatumepo munthu wina."

Anapalasa kulowera kumlatho, ndipo ulendo uno sanaime pakati.