Tiyi wa Dzanja Limodzi

Ndinabayitsa katemera wa korona Ambuya, agogo anga, osadziwa, ndipo mpaka lero sadziwa. Anandiletsa atamva kutchalitchi kuti achinyamata ena amatupa mtima akabayitsa. "Mayi ako ndinaika m'manda ndine," anatero. "Iwe sindikuika."

Koma ine ndinkapanikizana ndi anthu otsokomola m'minibasi, kuchoka ku Kabwata kupita kuntchito ku Woodlands, madzulo n'kudzagona chipinda chimodzi ndi nkhalamba yodwala shuga. Ndinapita kukiliniki. Nesi sanandibisire za kutupa mtimako: "Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ukamva kupweteka pachifuwa, uthamangire kuno." Ndinabwerera dzanja lili pamtima ngati ndikuimba nyimbo ya fuko.

Mtima sunavute. Unandigulitsa ndi mkono, umene unalemera ngati njerwa. M'mawa mwake ndinagwada n'kuwapatsa tiyi ndi dzanja limodzi.

"Iwe Tisa, ukupatsa galu?" anafunsa Ambuya. "Dzanja linalo wasiya kwa mabwana ako ku Woodlands?"

Apa mpamene ndikanaulula. M'malo mwake ndinatsonya, ine amene sindinawayankhepo mwano chibadwire. Anandiyang'ana ngati mlendo, tiyi uja n'kumusiya mpaka kuzizira.

Kutsonyako kumandichititsabe manyazi. Katemerayo ayi, ndipo sindipepesa. Ambuya ali moyo, akulalatabe bwinobwino. Anzawo akabwera kudzacheza amandiloza monyadira: "Wangayu mwano ngwambiri, koma jekeseni ija sinamukhudze."

Ine ndimagwada, n'kuwapatsa tiyi ndi manja awiri.