Buku la Nkhondo Limene Ndinkawerengera Amayi

Bukulo linali lachikuto chobiriwira, chomatidwa pulasitiki ya ku laibulale, ndipo pakona pake panali potafunidwa ndi galu wa eni ake. Anandipatsa ndi aphunzitsi athu ku Mulhuddart, dera la ku Ulaya kumene tinkakhala, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anati aliyense aziwerengera kholo lake mokweza kunyumba. Inali nkhani yopeka ya mudzi wina wa ku Ulaya umene asilikali a adani anaulanda, ndi mayi wina wophika buledi amene ankabisa anthu kuseri kwa uvuni wake.

Inali nyengo yozizira, ija mdima umagwa ana asanafike n'komwe pakhomo. Amayi ankagwira ntchito yokolopa ku eyapoti, ndiye ndinkawawerengera iwo akusita yunifolomu ya mawa lake. Ndimakumbukabe fungo la nsalu yotentha, ndi mawindo a kukhitchini atachita thukuta. Amayi ankangosita basi. Ndinkayesa kuti Chingerezi cha m'bukumo chikuwapitirira. Lero ndikudziwa kuti palibe liwu limene linkawadutsa.

Tsiku lina ndinafika pamene mayi wa buledi uja akuyang'ana msilikali m'maso n'kumunyoza. Amayi anaimika simbi.

“Wolembayu mfuti sanaionepo,” anatero. “Suwayang'ana m'maso anthu amenewo. Umagwada, n'kufunsa ngati akufuna madzi akumwa.”

Ndinawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira masiku amenewo, kuti amenewo ndi mantha, si kulimba mtima. Anangotembenuza malaya n'kupitiriza kusita.

Amalume, mlongo wawo wamng'ono, ankaphunzira ku koleji ya ku Drumcondra, mumzinda womwewo, ndipo ankabwera Lamlungu lililonse. Nditawadandaulira kuti amayi akunyoza buku langa, ananditenga kuti ndiwaperekeze kokwerera basi. Kunkagwa kamvula kowaza. Anandiuza kuti amayi sanabadwire ku Dedza monga ndinkadziwira, koma tsidya lina la malire, ku Angonia. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu a mfuti anakhazikika m'mudzi mwawo, amuna onse n'kuthawira kuphiri. Amayi, ali msinkhu wangawo, ankasenza mtsuko ngati akupita kumadzi, koma m'kati muli ufa ndi mchere wa othawawo. Amalumewo anali khanda, kumsana. Njira inkadutsa pomwe amfutiwo ankakhala.

“Akuti ankanditsina pantchafu kuti ndilire,” anatero amalume, akuseka pang'ono. “Phokoso la mwana linkawatopetsa, ndiye ankangoti dutsani msanga.”

Basi inabwera, anakwera. Ine ndinabwerera ndekha, masokosi atanyowa.

Sindinawafunse amayi chilichonse, ndipo iwonso sanayambepo nkhaniyo. Tinangopitiriza kuwerenga. Koma ndinayamba kuchepetsa mawu ndikafika pamene asilikali akugogoda pakhomo, ndipo nthawi zina ndinkadumpha tsamba lonse. Ankadziwa. “Bwerera,” ankatero, “wasiya pena.”

Chakumapeto kwa bukulo, mayi wa buledi anagwidwa. Anamuulula ndi mnzake woyandikana naye nyumba, asilikali atamuopseza. Ndinamuda mzimayi woululayo ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinayembekeza kuti amayi, amene tsopano ndinkawaona ngati ngwazi, amutukwana limodzi nane.

Amayi analeka kusita, dzanja lili pa chogwirira cha simbi.

“Woululayo,” anafunsa motsitsa, “anali ndi ana angati?”

Ndinafufuza masamba onse. Bukulo silinanene. Ndinadabwa kuti pa zonse zimene tinawerenga nyengo yonseyo, amayi ankafuna kudziwa chimenecho basi.