Phanga Loyankha Odi

Fungo la zitosi za mileme ndi loboola mphuno, loposa la khola la mbuzi, koma ine ndikalimva ndimaima kaye. Limandibwezera kuphiri la kuseri kwa mudzi wathu, kufupi ndi Monkey Bay, m'chilimwe chomaliza ababa asanapite ku Joni.

Ababa ankalima tomato kudimba, ndipo manyowa ankakatapa m'phanga la m'phirimo. Chaka chimenecho anayamba kunditenga, ndili kamtsikana kogweluka mano akutsogolo. Tinkakwera dzuwa likuswa mtengo, miyala ikuwotcha kumapazi, nyenje zikulira m'mitengo yoyoyoka masamba. Pakhomo pa phanga pankatuluka kamphepo kozizira ngati madzi a mumtsuko.

"M'nyumba ya eni salowamo osaodira," ankatero ababa. Ine ndinkafuula kuti "Odi!" ndipo mumdimamo munkatuluka mawu aakulu: "Lowani!" Nthawi imeneyo ababa ankakhala atawerama pamwala wa pambali, ati akukonza tochi.

Kulimba mtima kwanga kunkathera pomwe pankathera kuwala kwa dzuwa. Ababa ankati m'kati muli chipinda chachikulu kuposa mzikiti wathu, chokhala ndi dziwe, koma kuti ufikeko unkayenera kukwawa chamimba pakampata kothina. Akadzaza thumba ankanditambasulira dzanja. "Tiye lero, mayi, ndikakuonetse." Ine, poopa majini oyankhawo, ndinkati mawa. Iwo ankaseka nati mawa langa ndi lamakani, silifuna kucha.

Sindinkadziwa kuti pasipoti ya ababa inali itatuluka kale. Kwathu ulendo wa ku Joni sauza ana, kuopa kuti pakamwa pa mwana nkhani ingafike kwa anthu anjiru. Anachoka mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndinangomva kwa amayi basi itapita.

Ndinakwera phiri ndekha kuti ndikalowe mpaka kudziwe, adzandipeze ndili ndi nkhani. Ndinaodira mpaka mawu kusasa, koma phanga linkangondibwezera odi wanga yemweyo. Ndinatsika ndikulira, ndikuganiza kuti eni phanga atopa ndi mawa langa. Ababa sanabwerere. Anadwala komweko, ndipo anaikidwa komweko.

Chaka chatha ntchito inanditengera ku Kenya, anzanga n'kundikokera kumapanga aatali amene chiphalaphala chamoto cha m'phiri chinaboola kalekale. Makoma ake ndi akuda, osalala, ndipo mileme yake imanunkha ngati yakwathu. Ndinayenda mpaka kumapeto, pena chokwawa, wopanda mantha ndi pang'ono pomwe. Zinandiwawa kuti kulimba mtimako kunabwera dzanja londidikira kulibe.

Lero ndikudziwa kuti pamwala paja panali mng'alu wolowera m'phanga, ndi kuti amene ankandiuza kuti ndilowe anali ababa omwewo, amene ankadziwa kuti masiku awo pamudzi atha. Komabe tsiku limenelo ku Kenya, titafika pakhomo pa phanga, ndinangopezeka ndati "Odi." Wotiperekeza anandiyang'ana modabwa. Anzanga analowa akuseka, ine ndinatsala panja pang'ono, kudikira.